Ohtani 411, Judge 392: Kodi mabesi ambiri ndiye kuti ndi katswiri woposa?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndayamba kumene kutsatira baseball ya ku America. Pa ndandanda wa sizoni ya 2024 ndaona kuti Aaron Judge anamenya ma home run 58 pomwe Shohei Ohtani anamenya 54, ndipo Judge analinso ndi avereji yapamwamba. Koma pa mzere wolembedwa TB, Ohtani ndiye ali patsogolo ndi 411, Judge 392. Zatheka bwanji? TB amawerenga motani, nanga pa awiriwa anamenya bwino ndani?"

Ndandandawo sunalakwe. Zilembo za TB zikuimira total bases, kutanthauza mabesi onse amene womenya anadzipezera ndi ndodo yake, osati amene anapatsidwa kapena kuba. Ohtani anapeza ambiri chifukwa anali ndi mipata yochuluka yomenya mpira. Judge oponya ankamuthawa, ndiye ndodo yake inkakhala paphewa nthawi zambiri. Mukandifunsa amene anali woopsa kwambiri akaima kuti amenye chaka chimenecho, ndikuuzani mosajejema kuti anali Judge, ndipo masamu ake ndi osavuta kuwatsata.

Tiyambe ndi kawerengedwe. Bwalo la baseball lili ndi mabesi atatu ndi pa home plate, pamene womenya amaima ndiponso pamene amayenera kubwerera kuti timu ipeze run. Kuchoka pa besi ina kufika pa inzake pali mamita 27.4. Womenya akamenya mpira n'kufika pa besi yoyamba asanatulutsidwe, imeneyo ndi single, ndipo amamulembera besi imodzi. Akafika pa yachiwiri ndi double, mabesi awiri. Pa yachitatu ndi triple, mabesi atatu. Akautulutsa kunja kwa mpanda, kapena akazungulira bwalo lonse mpira usanabwere, ndi home run, mabesi anayi. Zinayi zonsezi zimatchedwa ma hit.

Ohtani, wa Los Angeles Dodgers, anali ndi ma hit 197. Mwa amenewa, 98 anali ma single, 38 ma double, 7 ma triple, 54 ma home run. Ma single anamupatsa mabesi 98, ma double 76, ma triple 21, ma home run 216. Phatikizani, mupeza 411. Judge, wa New York Yankees, anali ndi ma hit 180: ma single 85, ma double 36, triple imodzi yokha, ma home run 58. Ndiye kuti 85, 72, 3 ndi 232, zonse pamodzi 392. Ma home run anayi amene Judge anaposera mnzake anamupatsa mabesi 16 owonjezera. Koma Ohtani anabweza 13 pa ma single, 4 pa ma double ndi 18 pa ma triple, onse 35. Chotsani 16 pa 35, patsala 19, ndipo ndiko kusiyana kumene mwaona. Taonani kuti liwiro la miyendo ndi limene linagwira ntchito yaikulu apa: ma triple okha anafafaniza ma home run anayi a Judge n'kutsalako.

Pali pamene oyamba kumene ambiri amaphonya. Mandandanda ambiri saonetsa ma single paokha. Amangoonetsa H (ma hit), 2B (ma double), 3B (ma triple) ndi HR (ma home run), ndipo H ija yaphatikiza kale ma hit a mitundu yonse. Munthu akatenga 197 n'kuwonjezera 76, 21 ndi 216, apeza 510, nambala imene palibe anaifikapo chiyambire ligi. Cholakwika n'choti besi yoyamba ya double, triple ndi home run iliyonse waiwerenga kawiri. Njira yachidule yolondola ndi iyi: tengani H, wonjezerani ma double kamodzi, ma triple kawiri, ma home run katatu. Kwa Ohtani ndi 197, 38, 14 ndi 162, ndipo mufikanso pa 411.

Tsopano zimene sizilowa m'chiwerengerochi, poti ndi pamene pagona nkhani yonse. Woponya akaponya mipira inayi kunja kwa malo omenyera, womenya osaitsatira, amapita ulele pa besi yoyamba. Imeneyo ndi walk, ndipo pa TB imakhala ziro. Akagendedwa ndi mpira pathupi n'kupatsidwa besi, ziro. Wowakha akagwetsa mpira umene akanatha kuugwira, mlembi wa masewero n'kugamula kuti ndi error, ziro, ngakhale womenyayo atathamanga mpaka pa besi yachitatu. Otchinga akasankha kutulutsa wothamanga wina, womenya n'kupulumukira pa besi yoyamba, ziro. Mabesi okuba, amene wothamanga amafikapo mpira usanamenyedwe, nawo sawerengedwa: Ohtani anaba 59 ndipo palibe ngakhale imodzi imene ili mu 411 muja. Masewero a ndime zomaliza, kuphatikizapo World Series imene Dodgers inagonjetsa Yankees chaka chomwecho, ali ndi buku lawolawo.

Gemu imodzi ikuonetsani bwino malamulowa. Pa 19 Sepitembala 2024 ku Miami, Ohtani anaima kasanu ndi kamodzi ndipo ulendo uliwonse anapeza hit. Anayamba ndi double, kenako anaba besi yachitatu. Pamenepo anaima pa besi yachitatu, koma m'buku anali ndi mabesi awiri okha. Ulendo wachiwiri anamenya single n'kuba besi yachiwiri: besi imodzi. Ulendo wachitatu anaumenya mpira pakati pa otchinga akutali, anadutsa besi yachiwiri osaima, akufuna triple, koma mpira unamutsogolera pa besi yachitatu ndipo anatulutsidwa. Mlembi anamupatsa double, chifukwa besi yomaliza imene anafikapo bwinobwino inali yachiwiri. Kenako anatsatiza ma home run atatu, ndipo wachiwiri mwa iwo ndi umene unamupanga kukhala munthu woyamba kufika ma home run 50 ndi mabesi okuba 50 m'sizoni imodzi. Werengani: 2, 1, 2, 4, 4, 4. Mabesi 17 tsiku limodzi, Dodgers n'kupambana 20 kwa 4. Ochuluka kwambiri amene munthu anapezapo pa gemu imodzi ndi 19, amene Shawn Green anayamba kuwafika mu 2002 ndi ma home run anayi, double ndi single.

Alembi ali ndi timalamulo tinanso timene timadya mabesi a womenya mwakachetechete. Akafika pa besi yachiwiri motsetsereka n'kupitirira, wotchinga n'kumukhudza ndi mpira asanabwererepo, amalembedwa single, pakuti besiyo sanaigwiritse. Akamenya single, otchinga n'kuponya mpira ku home plate pofuna kutulutsa mnzake, iye n'kupezerapo mwayi wofika pa besi yachiwiri, imakhalabe single. Ndipo pa hit yothetsa gemu, womenya amapatsidwa mabesi ofanana ndi amene wothamanga wobweretsa chipambano anayenda. Ngati mnzakeyo anali pa besi yachitatu, ngakhale mpira utakagunda mpanda, ndi single basi. Home run yotuluka kunja kwa bwalo yokha ndiyo imawerengedwa yonse, bola womenyayo azungulire n'kuponda mabesi onse.

Tibwerere kwa awiri athu. Pali maulendo onse amene munthu amaima kuti amenye, olembedwa PA, ndiye palinso ma at-bat, olembedwa AB, amene amatsala mukachotsa ma walk, kugendedwa ndi mpira ndiponso kudzipereka kuti mnzako asunthe. Ohtani anaima maulendo 731, ndipo 636 anali ma at-bat. Anapatsidwa ma walk 81. Judge anaima maulendo 704, koma ma at-bat ake anali 559 okha, chifukwa anapatsidwa ma walk 133. Kusiyana kwa ma at-bat ndi 77. Munthu amene amasewera tsiku lililonse amatenga magemu pafupifupi 20 kuti apeze ma at-bat ochuluka chonchi. Ndiye Ohtani anaposa ndi mabesi 19, koma anali ndi mipata 77 yowonjezera yowapezera.

N'chifukwa chake odziwa masewerowa sawerenga TB payokha. Amaigawa ndi ma at-bat, ndipo chotuluka ndi slugging, yolembedwa SLG. Gawani 411 ndi 636, mupeza .646. Gawani 392 ndi 559, mupeza .701. Pa ma at-bat 100 alionse Judge ankabweretsa mabesi 70, Ohtani pafupifupi 65. Onjezani apo kuti Judge ankafika pa besi maulendo 458 pa 1,000 alionse, Ohtani 390. Yang'ananinso mbali ya kutuluka, imene anthu amaiiwala. Chotsani ma hit pa ma at-bat: Ohtani analephera maulendo 439, Judge 379. Timu imaloledwa kutulutsidwa ka 27 pa gemu, ndipo zikatha zatha. Maulendo 60 amene Ohtani anawononga kuposa Judge ndi oposa magemu awiri athunthu. Walk iliyonse ya Judge inali munthu pa besi popanda kudya gawo la 27 uja, koma TB siiona n'komwe.

Chitsanzo chimene chimatseka pakamwa ndi cha Barry Bonds. Mu 2001 nayenso anathera pa 411, nambala yomweyi ya Ohtani. Koma iye anaifika ndi ma at-bat 476 okha, ochepera ndi 160, chifukwa anapatsidwa ma walk 177. Anamenya ma home run 73, slugging yake inali .863, ndipo sanatsogolebe pa TB chaka chimenecho: Sammy Sosa anali ndi 425, Luis Gonzalez 419. Pofika 2004 matimu anali atatopa naye moti anamupatsa ma walk 232, ndipo 120 mwa amenewo anali adala, osayesa n'komwe kumuponyera mpira womenyeka. TB yake inatsika kufika pa 303. Wongoyang'ana nambala imeneyi akhoza kuganiza kuti munthuyu anali atatha, pamene chaka chimenecho ankafika pa besi maulendo 609 pa 1,000. Zinachitikanso mu 1998: Mark McGwire anamenya ma home run 70 n'kupeza mabesi 383, Sosa anamenya 66 n'kupeza 416. Manambala a zaka zimenezo ayenera kuwerengedwa ndi diso lachiwiri, popeza inali nthawi imene mankhwala olimbitsa thupi anali atafala ligi isanakhwimitse kuyeza ndi kulanga. McGwire mwiniwake anavomera mu 2010 kuti ankawagwiritsa ntchito. Koma pa nkhani ya ma walk, chitsanzocho chikugwirabe.

China chimene chimakweza TB ndi malo a munthu pa mndandanda wa omenya. Omenya amakhala 9 ndipo amasinthana motsatana mpaka gemu itatha. Gemu ikhoza kuthera pa aliyense wa iwo, ndiye pa magemu 162, kutsika malo amodzi kumakudyera maulendo pafupifupi 18 pa sizoni. Ohtani anayamba sizoni akumenya kachiwiri. Mu Juni, Mookie Betts atathyoka dzanja pogendedwa ndi mpira, anasamutsidwira pa malo oyamba. Judge nthawi zambiri ankamenya kachitatu, pambuyo pa Juan Soto. Ohtani, amene ndi woponyanso, analinso asakuponya kapena kutchinga chaka chimenecho, poti anali akuchira opaleshoni ya chigongono ya mu 2023, ndiye ntchito yake inali kumenya kokha ndipo anasewera magemu 159.

Musamve ngati ndikunyoza TB. Ili ndi ntchito imene avereji singaigwire. Avereji, imene ndi ma hit ogawidwa ndi ma at-bat, imawerenga hit iliyonse ngati imodzi, kaya ndi kampira kogubuduka pakati pa otchinga kaya ndi kamene kakagwera kwa oonerera. Luis Arraez anatsogola National League, imodzi mwa maligi awiri akuluakulu a baseball ya ku America, mu 2024 ndi avereji ya .314, kuposa .310 ya Ohtani, ndipo anali ndi ma hit 200, atatu kuposa a Ohtani. Koma ma home run ake anali anayi okha, ndipo mabesi ake onse anali 250. Ma hit pafupifupi ofanana, kusiyana kwa mabesi 161. Ichiro Suzuki mu 2004 anamenya ma hit 262, amene palibe anawaposapo, koma 225 anali ma single, ndipo anathera pa mabesi 320. Mukafuna kuona mphamvu yokhayokha, chotsani avereji pa slugging. Arraez atsala ndi .078, Ohtani .336, Judge .379. Pakati pa mitundu iwiriyi pali anthu ngati Bobby Witt Jr. wa Kansas City Royals, amene ndi ma home run 32 okha anafika mabesi 374, chifukwa anali ndi ma hit 211, ma double 45 ndi ma triple 11.

Ngakhale kapimidwe ka 1, 2, 3, 4 komweko kali ndi chilema. Kamanena kuti home run imodzi ndi yofanana ndi ma single anayi. Akatswiri a masamu a baseball atawerengetsa ma run amene chochitika chilichonse chimabweretsadi, anapeza kuti home run imaposa single mowirikiza kawiri ndi pang'ono chabe, double imaiposa pafupifupi kamodzi ndi theka, ndipo walk ili ndi mtengo wa magawo pafupifupi atatu mwa anayi a single. Chifukwa chake n'chomveka. Ma single anayi ndi anthu anayi pa mabesi popanda kutuluka, pamene home run imodzi m'maulendo anayi imabwera ndi kulephera katatu. Muyeso wotchedwa wOBA unapangidwa pa mitengo yeniyeniyi. Palinso OPS+ ndi wRC+, imene imakonza kusiyana kwa mabwalo ndi kwa zaka, n'kuika wosewera wamba pa 100. Pa miyeso imeneyi Judge wa 2024 anadutsa 200, Ohtani sanafikepo.

Komabe 411 ndi nambala yaikulu, ndipo ndikufuna mumve kulemera kwake. Kuti munthu afike 400 ayenera kupeza mabesi pafupifupi awiri ndi theka gemu iliyonse, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Sepitembala, osavulala, osapuma. Ndi ma at-bat 620, slugging yake iyenera kukhala .645 chaka chonse. Wapamwamba kwambiri ndi Babe Ruth, amene mu 1921 anapeza 457: ma hit 204, ma double 44, ma triple 16, ma home run 59. Anachita zimenezi sizoni ili ya magemu 154, ndi ma at-bat 540 okha, akupatsidwanso ma walk 145. Otsatira ndi Rogers Hornsby ndi 450 mu 1922, Lou Gehrig ndi 447 mu 1927, Chuck Klein ndi 445 mu 1930 ndi Jimmie Foxx ndi 438 mu 1932. Gehrig anadutsa 400 kasanu.

Onani zaka zimenezo, zonse zili pakati pa 1921 ndi 1932. Mu 1930 National League yonse, kuphatikizapo oponya ndi omenya ofooka, inali ndi avereji ya .303. Mu 2024 matimu onse 30 anali pa .243. Stan Musial atapeza 429 mu 1948, padadutsa zaka pafupifupi 50 pomwe anthu awiri okha anafika 400: Hank Aaron ndi 400 ndendende mu 1959, ndi Jim Rice ndi 406 mu 1978. Chitseko chinatsegukanso kuyambira 1997 mpaka 2001, chaka chimene anthu anayi anadutsa nthawi imodzi, kenako chinatsekeka mpaka Ohtani. Judge mwiniwake, chaka chimene anamenya ma home run 62 mu 2022, anaima pa 391.

Kuvuta kwa masiku ano kuli ndi zifukwa zogwirika. Kale woponya mmodzi ankamaliza gemu yonse, ndipo womenya ankakumana naye kachitatu ndi kachinayi atatopa, njira zake zonse zitadziwika. Lero gemu imodzi imagawidwa kwa oponya anayi kapena asanu, aliyense akubwera ndi mkono watsopano, mipira yothamanga makilomita oposa 150 pa ola. Omenya amatuluka osaukhudza mpira kochuluka kuposa kale, ndipo mpira umene sunamenyedwe sungabale besi. Ma triple nawo anachepa, chifukwa mabwalo amakono alibe malo aakulu a kumbuyo ngati Polo Grounds, kumene Ruth ankasewerera mu 1921, ndiponso otchinga akutali amaimikidwa pamene makompyuta awonetsa kuti mpira umakonda kugwera.

Bwalo la kwawo kwa wosewera liyang'aneninso, popeza theka la magemu amasewerera pamenepo. Coors Field ya ku Denver ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa mulingo wa nyanja. Mpweya wake ndi wopepuka, mpira umauluka patali, ndipo mipanda anaikankhira kutali, zomwe zinasiya malo aakulu ogwera ma double ndi ma triple. Larry Walker ndi 409 mu 1997, komanso Todd Helton ndi 405 mu 2000 ndi 402 mu 2001, onse anali a Colorado Rockies. Kuyambira 2002 timuyi imasunga mipira m'chipinda cha chinyezi kuti isaume n'kumadumpha kwambiri. Musathamangire kuweruza, komabe: Walker chaka chimenecho anamenya ma home run ambiri kwa eni kuposa pakwawo. Ku Fenway Park ya ku Boston kuli chikhoma chotalika mamita 11 chakumanzere, pafupi kwambiri, chimene chimasandutsa mipira yowakhika kukhala ma double, nthawi zinanso n'kubweza mipira yamphamvu imene kwina ikanakhala ma home run kuti ikhale ma single.

Pa funso loti anali wofunika kwambiri ku timu yake ndani, pamalowa zina zimene ndodo siziona. Ohtani anaba mabesi 59 n'kugwidwa kanayi kokha, umene ndi ukatswiri wosowa. Judge ankatchinga pakati pa bwalo lakutali, malo ovuta, pomwe Ohtani ankakhala pa benchi timu yake ikamatchinga. Ali m'maligi osiyana, ndiye palibe amene anawakakamiza kusankha: aliyense anatenga mphoto ya MVP, ya wosewera wofunika kwambiri m'ligi yake, ndi mavoti onse oyamba.

Mukamatsatira sizoni ili mkati n'kufuna kudziwa ngati wina akulowera ku 400, gawani mabesi ake ndi magemu amene timu yake yasewera, osati amene iye wasewera, kenako chulukitsani ndi 162. Mukagawa ndi magemu ake okha, mubisa masiku amene anaphonya, amene sadzabweranso. Wosewera wa mabesi 200 timu itasewera magemu 81 ali pa njira ya 400 ndendende. Pambali pake lembani AB ndi ma walk, kuti muone ngati oponya ayamba kumuthawa, chifukwa zikatero liwiro la mabesi limatsika ngakhale iye akumenyabe bwino. Ndipo masamuwa musawakhulupirire magemu asanakwane 50 kapena 60. Kumapeto kwa Epulo 2024 Judge anali ndi avereji ya .207 ndi ma home run 6 okha. M'miyezi isanu yotsatira anamenya 52.